Boti lathu linkalowa madzi ku Chivero, ine n'kumamata malo olakwika

Ine ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare koma kwathu kwenikweni ndi ku Nkhotakota, agogo anabwera kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndipo sanabwererenso, nde ife tinabadwira konkuno. Koma za m'madzi zija sizinatichoke. Ndili mwana agogo ankatitenga kupita ku Lake Chivero, damu lalikulu la pafupi ndi Harare, kukawedza, iwo mpaka kumwalira kwawo ankatchulabe dzina lakale loti McIlwaine, ndipo tikakhala pa gombe ndi mbedza zathu ine maso ankangokhala pa maboti a injini omwe ankapita pakati penipeni. Nde mu Sepitembala 2022 alamu anga aku Norton atandiimbira kuti pali munthu akugulitsa kaboti ka fibreglass ka mamita 4, ndi injini ya Yamaha ya 30 horsepower komanso thirela yake, mtima unangoti phaa, tinasonkherana anthu awiri mpaka $1,800 inakwana.

Tsiku lokagula boti tinalipeza lili pa thirela pabwalo, louma bwinobwino. Mwini wake analiza injini mu diramu ya madzi, inalira bwino, ife basi takhutira. Kumbuyo kwa boti kunali penti yatsopano yonyezimira pomwe kwina konse kunali kozilala, komanso pomwe pamakhala injini anali ataikapo kachitsulo ka aluminium kophwatalala, ine ndinkaona ngati ndi kusamala kwa mwini wake. Lero ndikudziwa kuti penti yatsopano pamalo amodzi okha komanso chitsulo chowonjezera kumbuyo, nthawi zambiri pali chomwe chabisika kunsi kwake. Mukamagula boti muuzeni mwini wake kuti mukaliyike kaye m'madzi ndipo muliyendetse ola lathunthu, akamakana muziganiza kawiri.

Ulendo woyamba zonse zinali bwino kupatula kuti pobwerera tinapeza timadzi kumbuyo kwenikweni, mwina theka la chidebe cha malita 20. Alamu anati ndi mafunde basi, boti lililonse limakhala ndi madzi, ine ndinavomera chifukwa ndi zomwe mtima unkafuna kumva. Tinadula chigubu cha mafuta ophikira n'kumakapira. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chidebe chinadzadza.

Apa ndi pomwe ndinayamba kusokera. Popeza madzi ankapezeka kumbuyo pafupi ndi pulagi, kachotsekera kaja kotulutsira madzi boti likakhala kumtunda, ine ndinangoti vuto ndi pulagi. Ndinagula ina $6, labala yake yatsopano, kumanga bwino. Madzi osasiya. Zomwe sindinaganize n'zakuti kumbuyo ndiye kotsika kwa boti chifukwa injini, thanki ya petulo, batire ndi woyendetsa onse ali komweko, nde madzi kaya alowera kutsogolo kaya m'mbali amathamangira konko. Pomwe mukuwaona akudikha sipomwe alowera ayi.

Kenako ndinagula silikoni wa m'mabafa uja, machubu atatu, n'kumata paliponse pomwe ndinkaona kamzere kapena kasikuluwu. Sabata ziwiri zinaoneka ngati zasintha, kenako silikoni anayamba kusendeka yekha ngati khungu la njoka. Silikoni ameneyu pa fibreglass sagwira nthawi yaitali, ndipo choipa kwambiri amasiya kautoto kosaoneka komwe kamapangitsa kuti resin, madzi aja omatira fibreglass omwe amauma n'kulimba gwa, kapena guluu wabwino asadzagwirenso pamalopo mpaka mutapala ndi sandipepala kufika pansi. Ndinadzalipira zimenezi ndi masiku awiri opala. Mvula itayamba mu Novembala ndiye zinandisokoneza zedi, boti linkagona panja kwa alamu lopanda chofunda, nde sindinkadziwanso kuti madzi awa ndi a mvula kapena a m'damu. Anthu a ku nyanja ya mchere amangolawa n'kudziwa, koma ife kuno onse ndi opanda mchere, komanso madzi a Chivero si olawa, zonyansa za m'tauni zimatsikira momwemo kudzera mu mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba.

Mu Januwale ndinati basi ndagonja, ndinagula pampu ya 12V yotulutsira madzi $45, kuphatikiza payipi ndi mawaya zinafika $60. Ndipo ndinene zoona ndinkamva bwino, ukangodina switch madzi psuu kutuluka m'mbali, mapazi ouma. Koma pampu ija ndi yomwe inanditseka m'maso, chifukwa kale ndinkawerenga zigubu zomwe ndakapa n'kudziwa kuti zikuwonjezeka, pano sindinkadziwanso kuti akulowa ochuluka bwanji.

Loweruka lina chakumapeto kwa Febuluwale 2023 tinapita atatu, ine, alamu ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 11. Mayi ake sankafuna kuti apite, aliyense kuno amakumbukira ngozi ya pa Khirisimasi ya 2011 pomwe boti lodzadza mopyola muyeso linagubuduka pa Chivero pomwepo n'kupha ana 11, nde ndinawalonjeza kuti jekete yoyandamitsa saivula ngakhale pang'ono. Tinapita kutali ndithu, nsomba zinkadya, tinachedwa. Cha m'ma 4 koloko mitambo inada, mphepo inadzuka, tinati tiyeni tizipita. Nditakoka mafuta ndinamva kuti boti ndi lolemera, mphuno yakwera m'mwamba koma silikudzuka kuti liyandame pamwamba ngati masiku onse, likungolima madzi. Kuyang'ana pansi madzi afika m'kakolo. Kudina switch, pampu ikungolira koma osatulutsa kanthu, tizidutswa ta namasupuni ndi ulusi wa mbedza zinali zitatseka kusefa kwake.

"Alamu, kapani! Musayang'ane ine, kapani!" Alamu anagwira chigubu, mwana anagwira chibekete cha nyambo, ine dzanja limodzi pa injini lina ndikulimbana ndi pampu. Ndipo ndinaona chinthu chomwe sindinachimvetse nthawi imeneyo, ndikawonjezera mafuta madzi ankabwera msanga, ndikachepetsa ankachepa, nde tinayenda pang'onopang'ono ngati tikupalasa, mvula ikutimenya, mphindi 50 ulendo womwe timayenda mphindi 15. Mwana sanalire, ankangondiyang'ana kumaso pafupipafupi kuti aone ngati ndikuopa, ndipo ndinkaopa ndithu, m'damu muja muli ng'ona ndipo gombe linkaoneka kuti silikuyandikira. Titafika manja ankanjenjemera moti ndinalephera kumanga chingwe. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinawauza mayi a ana zonse osabisa, iwo anangoti botilo lisalowenso m'madzi mpaka mutadziwa chomwe chavuta, ndipo panalibe choyankha.

Kutchalitchi kwathu kuli madala ena ochokera ku Mangochi omwe anagwirapo ntchito zaka zambiri yokonza maboti ku Kariba asanapume. Nditawafotokozera sanandidzudzule, anangondifunsa mafunso atatu, madzi amalowa boti litaima kapena likuyenda, amalowa muli anthu angati, nanga likagona kumtunda mukatsegula pulagi amatuluka nthawi yaitali bwanji. Ine funso lililonse ndinkangoti kaya. Anati, "Mwana wanga, miyezi isanu yonseyi wakhala ukupereka mankhwala kwa wodwala usanamufunse pomwe pakupweteka. Loweruka ubwere ndi ufa woyera wa nsima ndi tochi."

Choyamba anatiuza kuti tichotse chilichonse, thanki, batire, mipando, kapeti yakale yomwe inali pansi, titsegule pulagi ndi kukweza mphuno ya thirela m'mwamba. Madzi anadontha masiku atatu, ochokera kunsi kwa pansi pomwe timaponda, chifukwa maboti ambiri otere ali ndi mphako pakati pa pomwe mumaponda ndi chikopa chakunja ndipo madzi amabisala mmenemo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, nde ganizirani tinkayenda ndi katundu wochuluka bwanji osadziwa. Kenako linakhala padzuwa sabata yathunthu, usiku ndi nthawi ya mvula titalifunditsa pulasitiki.

Litauma tinayamba ndi kuyesa kwa kumtunda. Tinatseka pulagi n'kuthira madzi mkati ndi payipi, pang'ono chabe kufika ngati chikhatho chimodzi kumbuyo, madala anakana kuti tidzadze chifukwa boti analipanga kuti madzi azilikankha kuchokera kunja, ukalidzadza lili pa thirela ukhoza kulithyola kapena kupinda thirela. Tinagona chagada pansi pake ndi tochi theka la ola. Pa pulagi pouma. Pamsana pa boti, pomwe limakhuzika pa miyala pokwera gombe, tinaona kadontho kamodzi pa mphindi zingapo, kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Ine ndinasangalala kuti tapeza, madala anapukusa mutu, anati kadontho aka sikangadzadze boti mpaka m'kakolo pa ola limodzi, kalembeni ndi choko koma wamkulu sanaoneke.

Tinaumitsanso, Loweruka lotsatira tinapita nalo ku damu m'mamawa madzi ali bata. Tisanalitsitse madala anawaza ufa mopyapyala mkati monse, m'makona, kuzungulira pulagi, kuzungulira mabawuti anayi omwe amagwira injini, mpaka mkati munayera. Tinalitsitsa n'kulimanga pa gombe mphindi 20, ufa uli gwa wouma. Tinakwera awiri n'kukhala kumbuyo kuti lititimire pang'ono, patapita nthawi pansi pa bawuti lakumunsi kumanzere ufa unayamba kuda pang'ono ngati thukuta. Kenako anati liza injini, ine ndikuyendetsa chapafupi ndi gombe iwo atagwada kumbuyo ndi tochi. Nditangokoka mafuta anakuwa kuti taona! Ndinasuzumira, kamzere ka madzi kakutsika mu ufa muja kuchokera pa mabawuti awiri akumunsi, kenanso kakutuluka pa kona pomwe thabwa lakumbuyo limakumana ndi pansi, ndipo thabwa lonselo linkapindika ndi maso kuona, injini ikakankha mng'alu ukutseguka, ndikasiya mafuta ukutsekeka. Ndi chifukwa chake boti litaima silinkaonetsa kanthu.

Thabwa lakumbuyo limeneli amisiri amati transom. Kunja ndi mkati ndi fibreglass koma pakati pali pulayiwudi, ndiye amene amanyamula injini ya makilogalamu opitirira 50 ndi mphamvu yonse yomwe imakankha boti. Wina kalekale anaboola mabowo a mabawuti osawamata bwino, madzi ankalowa pang'onopang'ono mu pulayiwudi kwa zaka, mpaka anawola. Titabwerera kumtunda madala anatenga chogwirira cha sikuludiraiva n'kumagogoda, m'mwamba m'mbali kunkalira kuti ngo ngo ngo, pakati ndi kumunsi kunkangoti bu bu ngati ukugogoda dzungu lowola. Anapendeketsa injini m'mwamba n'kuigwedeza atagwira mwendo wake, transom yonse inkapuma. Pomaliza anaboola kabowo kakang'ono mkati chakumunsi, m'malo mwa utuchi woyera munatuluka zakuda zonyowa ngati masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito, kenako timadzi tabulawuni tonunkha. Mayeso atatu amenewa satenga ngakhale mphindi khumi ndipo ndikanawadziwa tsiku logula lija bwenzi nkhani ili ina. Mumtima munandiwawa kwambiri poganiza kuti ndinakweza mwana wanga pa boti lomwe injini ikanatha kuzuka ndi thabwa lake lomwe.

Mmisiri wina wa fibreglass m'tauni anatiuza $700 kuti akonze zonse. Tinalibe. Alamu ankafuna tingoligulitsa momwe liliri, tinakangana ndithu mpaka sabata ziwiri osaimbirana, ine ndinati sindingapatsire munthu wina zomwe zinatichitikira pa madzi paja. Mapeto ake tinagwirizana zokonza tokha madala akutiyang'anira, ife kuwapatsa kangachepe ndi thiransipoti.

Tinatsitsa injini anthu atatu. Tinadula chikopa chamkati ndi galayinda n'kusiya chakunja chili chonse kuti boti lisataye maonekedwe ake, kenako kukumba pulayiwudi wowola ndi tchizulo, wina ankachoka ndi manja ngati manyowa, wa m'makona ndiye anali wouma ndipo anatidyera masiku. Fumbi la fibreglass musalichepetse, tsiku loyamba ndinagwira ndi malaya a manja aafupi ndipo usiku wonse thupi linkayabwa ngati ndagona pa chitedze. Valani ovolosi, magalasi ndi chotseka pamphuno chenicheni, mukamaliza sambani madzi ozizira kaye. Magetsi nawo ankazima masana ambiri nde galayinda tinkaigwiritsa m'mamawa kwambiri kapena usiku akabwera. Titapala mpaka poyera tinasiya kuti paume sabata zitatu, apa n'kuti Meyi akutha.

Zogula zinali izi, pulayiwudi wa marine wa 18 mm shiti imodzi $95 ndipo tinamusaka sabata ziwiri chifukwa mashopu ambiri ali ndi wamba yekha, resin ya polyester makilogalamu 10 ndi catalyst yake (mankhwala oumitsira resin) $85, mat ya 450 (nsalu ya ulusi wa galasi yomwe imanyowetsedwa ndi resin) mamita angapo $40, acetone wopukutira, mabulashi, ka rola kochotsera mpweya ndi sandipepala $45, mabawuti a stainless ndi mawosha akuluakulu $30, kachitini ka epoxy (guluu wolimba wosalowa madzi) $25, Sikaflex 291 (chomatira cha maboti chotseka madzi) chubu imodzi $22. Ndi za madala ndi mafuta a galimoto opita ku Norton zonse zinafika cha m'ma $480, osawerengera $90 yomwe ndinataya kale pa pulagi, silikoni ndi pampu.

Tinajambula transom pa katoni, kudula mapisi awiri a pulayiwudi, kuwapaka resin mbali zonse makamaka m'mphepete momwe amamwera madzi, n'kuwaphatikiza ndi mat pakati kuti akhale 36 mm ndi kupitirira pang'ono. Apa panachitika china. Inali Juni, ndipo mukudziwa kuzizira kwa Harare m'mamawa, resin ikazizidwa imachedwa kuuma. Muyeso wa catalyst ndi 1 mpaka 2 pa 100, kutanthauza 10 mpaka 20 ml pa kilogalamu. Ine pofuna kuti ifulumire ndinathira mongoyerekeza madala asanafike, pasanathe mphindi khumi chitini chinatentha osagwirika, chikufuka utsi, resin yonse yalimba ngati mwala ndi bulashi momwemo, kilogalamu ndi theka kupita. Kuyambira pamenepo tinkayeza ndi jakisoni wa ku famase, kusakaniza theka la kilogalamu nthawi imodzi, ndipo tinkayamba ntchito cha m'ma 10 dzuwa litafunda n'kusiya cha m'ma 2. Catalyst ameneyu asakugwereni m'maso, ndi woopsa zedi, ndipo acetone asayandikire moto kapena fodya.

Thabwa latsopano tinalikhazika pa mat yonyowa ndi resin, kulipana ndi mabawuti kudzera m'mabowo akale ndi matabwa awiri kunja kuti ligwirane ndi chikopa popanda mphako. Litagwira tinadzadza m'makona ndi phala la resin kuti pakhale pozungulira, chifukwa mat sipinda bwino pa kona yakuthwa, kenako magawo anayi a mat, lililonse lotambalala kuposa linzake kuti ligwire m'mbali ndi pansi pa boti, kumapsinja ndi rola mpaka mabala oyera a mpweya atatha. Kamng'alu ka pamsana kaja tinakapala mopendeketsa kuti pakhale ngati mbale yosaya yotambalala, kupukuta ndi acetone, n'kuyala timapisi ta mat. Kungopaka resin pamwamba pa mng'alu osapala, madala anati ndi ntchito ya mwezi umodzi.

Pa mabowo a injini ndi pomwe madala anaumirira kwambiri poti ndi pomwe matenda anayambira. Tinaboola mabowo okulirapo kuposa mabawuti, kuwadzadza ndi epoxy yolimbitsidwa, kudikira masiku awiri, kenako kuboolanso pakati pa epoxy muyeso weniweni wa bawuti. Choncho ngakhale madzi atadzalowa m'bowo amakumana ndi epoxy osati mtengo. Epoxy imagwira pa polyester youma koma polyester pamwamba pa epoxy sigwira bwino, nde musasinthanitse ndondomeko. Pomanga injini tinapaka Sikaflex m'mabowo ndi pansi pa mawosha mpaka kutulukira m'mbali, chimodzimodzi pa chubu cha pulagi ndi tisikuluwu tonse ta kumbuyo, n'kusiya sabata yathunthu osaligwira.

Tinabwerera ku Chivero Loweruka loyamba la Ogasiti 2023, miyezi isanu ndi kanthu chichokereni tsiku la mvula lija. Mwana ndinamusiya kunyumba. Tinawazanso ufa ngati poyamba, kuima mphindi 20, kukhala kumbuyo tonse atatu, kenako kuthamanga ola lathunthu, kukhota mwamphamvu uku ndi uku, kubwerera chambuyo, madala ali chogwada ndi tochi yawo. Boti linkadzuka msanga moti alamu anadabwa kuti injini ndi yomweyi. Titafika pa gombe madala anadutsitsa chala mu ufa wa pansi pa mabawuti n'kundionetsa, woyera, wouma, n'kupukutira pa thalauza lawo.

Pampu ija ndinaisiya momwemo koma pano ndimatsuka kusefa kwake tisananyamuke, ndipo zigubu zokapira ndi ziwiri zomangirira ndi chingwe. Boti limagona lofunditsidwa, pulagi yotsegula, mphuno m'mwamba. Tikabwera ku madzi ndimatchera kabotolo pa bowo la pulagi kuti ndione kuchuluka kwa omwe atuluke n'kulemba mu foni, kawirikawiri safika ndi kapu imodzi. Mwana anakweranso mu Okutobala, mayi ake anabwera nawo mpaka pa gombe ndipo anasuzumira okha kumbuyo kwa boti asanamulole.